Mng'alu pa Chasisi

Uthenga wa imfa ya apongozi ake unamupeza Chalwe Mulubwa ali chagada kunsi kwa galimoto yake, kunyumba kwawo ku Chelstone. Anangoona mapazi a mkazi wake, Towela, ataima pafupi ndi jeke, opanda nsapato. Mapaziwo sanasunthe. Chalwe anakwawa n'kutuluka, sipanala ili m'manja.

"Atate atisiya," anatero Towela.

Bambo Amock, bambo ake a Towela, anali atadwala kuyambira pa Khrisimasi. Anabwera ku Lusaka ali mnyamata, nagwira ntchito ya ukalipentala mpaka kukalamba, napeza nyumba ku Kabwata. Koma mtima wawo sunachoke kumudzi, m'chigwa cha Luangwa kuseri kwa Lundazi. Aliyense pabanjapo ankadziwa kuti mkuluyo akufuna kukagona pafupi ndi manda a mayi ake. Ankadziwanso chimene chidzawanyamule: galimoto ya mkamwini wawo.

Inali galimoto yakale yokoka ndi matayala onse anayi. Chalwe anaipeza pafamu ina nkhuku zikuikiramo mazira. Mkati mwa sabata ankayendetsa lole yonyamula simenti, koma Loweruka lililonse linali la galimotoyo. Anaikweza poika masipulingi aatali, zomangira zake n'kuziwotcherera yekha pa chasisi, chitsulo chachikulu chija chimene galimoto yonse imakhalapo. Anaiveka matayala okanda matope. Anaika paipi yokwera mpaka padenga kuti injini izipuma powoloka mitsinje. Bambo Amock ankabwera pa minibasi kudzakhala pa kaleti n'kumatsuka mabawuti m'chitini cha palafini.

"Apongozi," ankatero mkuluyo, "ine sinizapita na motoka ya maliro ya muno mu tauni. Nizapita na iyi."

Onse ankaseka. Koma tsopano inali Febuluwale, mvula ili pakati, ndipo msewu wotsikira m'chigwa unali phala lokhalokha. Galimotoyo inali pa majeke. Difu yakutsogolo, imene imapereka mphamvu ku matayala akutsogolo, inali pa saka, mano ake atathyoka.

Ku Kabwata anali atakhoma kale tenti. Azibambo anakhala pa masofa otulutsidwa m'nyumba, azimayi akulira mkati. Thandazani, mchimwene wake wa Towela, amene ankaphunzitsa ku Chilenje, anamukokera Chalwe kuseri kwa mtengo wa mapeyala.

"Mulamu, motoka ili bwanji? Tafunsa ba malole, bonse bakana. Bakuti kuja sibangayende mpaka mvula ikasile."

"Ili bwino," anatero Chalwe. "Kwasala chabe kanthu kang'ono."

Towela ankadutsa ndi ndowa ya madzi. Anamva. Anayang'ana mwamuna wake kamodzi n'kupitirira.

Chalwe anali Mbemba, ndipo pamaliro a anthu akum'mawa Abemba amabwera kudzachita chimbuya: kutukwana oferedwa mwanthabwala, kuwapaka ufa, kuti chisoni chipepuke. Mayi wina wa kutchalitchi, Mbemba mnzake, anaima pakati pa tenti atagwira m'chiuno.

"Imwe odya mbewa mulibe ngakhale wilibala! Mpaka Mbemba ndiye akunyamulileni chitumbi chanu. Ba Mulubwa, imililani bakuoneni!"

Anthu anaseka, ena akupukuta misozi. Chalwe anaimirira, nayenso anaseka.

M'mawa mwake analowa m'tauni, mano a difu atawakulunga mu nyuzipepala. Mvula inali itagwa, madzi atadzaza m'misewu, ogulitsa tomato atakwera pa njerwa. Analowa sitolo ndi sitolo za zipangizo za galimoto. Anyamata a pakauntala ankatembenuza chitsulocho n'kupukusa mutu.

"Mudala, izi ni za kudala. Sitisunga."

Wogulitsa zitsulo zakale kuseri kwa msika ndiye anamupatsa njira. Ku Kabulonga kunali mayi wamasiye, Exildah Nsofwa, amene kuseri kwa nyumba yake kunali galimoto ya mtundu womwewo. Amuna awo ankapita nayo kutchire. Chimwalirireni iwo, mayiyo sanalole munthu kuikhudza.

Mlonda anamuimika pageti nthawi yaitali, mvula ikumuwaza. Kenaka mayiyo anatuluka yekha ndi ambulera. Anali wamtali, wa imvi, wosaseka. Chalwe anavula chipewa n'kufotokoza zonse, za mkuluyo, za manda a kuchigwa, za difu. Mayi Nsofwa anamutengera kuseri. Galimotoyo inali pansi pa lona, matayala ataphwa, udzu utamera mpaka m'zitseko. Mayiyo anaima nthawi ndithu dzanja lili pa boneti.

"Amuna anga ndinawaika muno m'tauni," anatero. "Ankafuna kwawo ku Luapula. Ana anati n'kutali." Anachotsa dzanja. "Masulani chimene mukufuna. Koma kodi yanuyo ikafika?"

"Ikafika, mayi."

Anamasula difu ya galimotoyo n'kupita nayo kwawo. Tsiku lotsatira lonse linathera kunsi kwa galimoto yake. Ku Kabwata sanapite. Foni inkalira, Thandazani akufunsa, achibale a ku Lundazi akufunsa, a kumotchale akuti banja linene tsiku. Chalwe anamanga difu, anaunika mmene mano akulumanirana, anamasulanso, anamanganso. Anathira oyilo. Dzuwa likupendeka anatsitsa majeke. Injini inatsokomola n'kulira bwinobwino.

Sanafune kunyamula maliro pa galimoto yosayesa. Mawa lake anaika matumba a mchenga kumbuyo, olemera ngati bokosi ndi munthu wake, n'kukatenga Thandazani. Anapita ku Lilayi, kumene misewu ya kumafamu inali itasanduka madambo. Chalwe analowetsa giya ya mphamvu. Galimoto inalowa m'thope mpaka m'zitseko, inabangula, inatuluka tsidya lina madzi akuchucha. Inakwera chulu chogumuka ngati mbuzi. Thandazani anamenya dashibodi ndi chikhatho, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Mulamu! Atate bazafika! Bazafika!"

Anatulutsa foni pomwepo n'kuyamba kuuza a kumudzi kuti akumbe manda.

Potsika m'kangalande kena, Chalwe anamva kuti "thwa" chakumanja, pansi pa mapazi ake. Chiwongolero chinapepuka pang'ono m'manja. Anaimitsa, nati akufuna kuona ngati oyilo sakudontha. Anagona m'thope n'kupukuta chasisi ndi chala. Pamalo pamene anawotcherera chomangira sipulingi, pafupi ndi bokosi la chiwongolero, panali mng'alu. Unali wopyapyala ngati tsitsi, koma unazungulira chitsulocho pafupifupi theka.

Anakhala chigonere, akumva mlamu wake pafoni akutumiza mawu kwa azakhali kuti ulendo ndi mawa: "Muuze ba tete baphike mowa. Tinyamuka mailo."

"Zili bwanji pansi apo?" anafuula Thandazani.

"Nibwela," anatero Chalwe. Anayendetsa pang'onopang'ono mpaka ku Kabwata, anamutsitsa mlamu wakeyo pamsewu, iye n'kupitirira ku Chelstone.

Kunyumba magetsi anali atathima. Anakabwereka jenereta kwa mnansi wake wowotcherera mageti. Anadula chigamba cha chitsulo chokhuthala, anapala malowo, anavala chigoba choteteza maso. Moto utangokhudza chasisi, chitsulo chinabowoka ngati pepala. Anasuntha pang'ono, anachepetsa moto, chinabowokanso. Anatenga sikuludalaiva n'kubaya m'bowomo. Dzimbiri linakhuthuka ngati dothi, linamugwera m'maso ndi m'kamwa. Kunja chasisi inali yakuda, yosalala, penti yake yomwe anapaka yekha. Mkati inali itadyeka. Masipulingi aatali ndi matayala olemera aja zinali zikukoka pa chitsulo chowola nthawi yonseyi.

Anayesa kudzinyengerera. Akhoza kuika chigamba chachitali, kuchigwiriza patali pamene chitsulo chikadali chamoyo. Akhoza kuyenda pang'onopang'ono. Mwina ikanafika. Magalimoto oipa kuposa iyi amafika. Kenaka anaona m'maganizo mwake chitsikiro cha m'chigwa, msewu wokhotakhota, phompho kumanzere, apongozi ake aakazi atakhala kutsogolo, Towela kumbuyo atagwira bokosi, chiwongolero chikuzungulira chokha m'manja mwake.

Towela anamupeza atakhala pansi, atatsamira tayala. Anali atabwera kudzatenga zitenje ndi mabulangete a paulendo. Maso ake anali otupa.

"Bashi Chilufya," anamuitana ndi dzina la mwana wawo, "ku Kabwata bamanga kale katundu. Amama batenga na mbewu za maluwa zokabyala pamanda. Nanga imwe mwankhala chabe?"

"Bwela uone."

Towela anali asanalowepo kunsi kwa galimotoyo chiigulireni. Anayala chitenje n'kugwada. Chalwe anamupatsa tochi, anabaya chitsulo, dzimbiri linagwa.

"Ichi n'chani?"

"Ni msana wa motoka. Wathyoka pomwe pali sitelingi. Ikalekelela pa phili, palibe azapulumuka."

"Simungaotche?"

"Nayesa. Palibe pogwila."

Towela anadzuka pang'onopang'ono n'kukutumula chitenje. Sanakweze mawu.

"Zaka zonse izi. Ma Satade yonse. Ana bamabatizidwa imwe muli pansi apa. Ine nenze kukamba mumtima ati lekani, tsiku lina izatithandiza. Atate benze kubwela kuno na chifuwa chawo, kunkhala mu mphepo kusuka mabauti. Manje simunaone?"

"Sininaone."

"Pa tenti paja munati kasala kanthu kang'ono."

Towela anapinda chitenje chija kangapo, mpaka chinakhala kachinthu kakang'ono m'manja mwake.

"Mukakambe mweka," anatero. "Ine sinizakukambilani."

Anapita pa minibasi imodzi, atakhala mipando yosiyana.

Ku Kabwata tenti inali yodzaza. Akwaya ankayeseza nyimbo, zikwama zitaunjikidwa pakhonde. Chalwe anagwada pamaso pa akuluakulu a banja, ovololo ikadali ndi matope a ku Lilayi, nafotokoza. Anagwiritsa mawu ochepa. Nyimbo inatha yokha.

Thandazani anaimirira. "Si ine nenze mo m'mawa muja? Motoka inayenda monga nkhalamu! Mangani na waya, tiyende pang'ono pang'ono."

"Siningayendetse, mulamu."

"Nipatseni makiyi, niyendetse neka."

"Sinizakupatsani."

"Munaziba ku Lilayi. Munanileka nitume foni, banthu bakumba manda mu mvula, imwe muli zii!"

"Ninaziba," anatero Chalwe. "Nenze kuganiza kuti nizakonza."

Thandazani anamugwira pa kolala. Amalume ena anawalekanitsa. M'nyumba kulira kunayambiranso, kwatsopano, ngati kuti mkuluyo wamwalira kachiwiri. Mayi wa chimbuya uja anali ndi ufa m'manja. Anaupukutira pa chitenje n'kukakhala pansi.

Madzulo amenewo anthu anaimba mafoni kulikonse. Wina ankadziwa mzungu wa ku Woodlands wokhala ndi galimoto yotere, koma anali kunja kwa dziko. Obwereketsa magalimoto a kutchire anati sangatumize yawo m'chigwa nyengo imeneyi. Amalume anati thupi silingadikire kuti mvula ithe. Mayi a Towela, amene sanayankhule chiyambireni, anatumiza mawu kuchokera m'chipinda: amuna awo aikidwe mu Lusaka.

Anawaika kumanda a kum'mawa kwa mzinda, pakati pa anthu osawadziwa, m'dothi lofiira lomata ku nsapato. Bokosi linapita pa galimoto ya maliro yoyera, ya magalasi m'mbali. Pokwirira, Chalwe anatenga fosholo pamodzi ndi akamwini ena. Atatopa anatambasula dzanja kuti apatse Thandazani, koma iye anatembenuka n'kulandira ya munthu wina.

Atabwerera ku Kabwata anthu anasamba m'manja pageti n'kuyamba kubalalika. Chalwe anathandiza kugwetsa tenti. Ananyamula masofa kubwezera m'nyumba, imodzi ndi mnyamata wa kwaya, ina yekha. Palibe anamuyankhula. Ali pafupi kutuluka, Towela anamukodola kuchokera pakhomo la chipinda.

"Amama bakuitanani."

Mayiwo anali pa mphasa, atavala duku lakuda, miyendo atatambasula. Chalwe anagwada patali, pafupi ndi chitseko, monga mwa mwambo. Anadikira. Iwo anamuyang'ana m'manja, momwe munali mabala a moto ndi oyilo wosachoka m'zikhadabo.

"Apongozi, mwadya?"

"Iyayi, mayo."

"Towela, apatse chakudya amuna ako."

Mayiwo anatembenukira kukhoma n'kudzifunda. Towela anabweretsa mbale kukhonde, anaiika pa mpando, anathira madzi m'manja mwa mwamuna wake. Kenaka anakhala pa sitepe, chapatali pang'ono, akuyang'ana kumsewu kumene mchimwene wake ankakweza achibale m'minibasi. Chalwe anadya pang'ono. Mvula inayambanso kuwaza, ndipo onse awiri sanasunthe.