Kutha kwa Basi ya ku Tallfors

Pernilla Edholm ndi amene anachotsa mudzi wa kwawo pa mapu a mabasi. Ankagwira ntchito mumzinda, mu ofesi yoyang'anira za maulendo m'chigawo chonse, ndipo ntchito yake inali yoona kumene anthu amakwera, kumene amatsika, ndi kumene basi imangoyenda ndi mipando yokhayokha.

Dongosolo latsopanolo silinali loipa, ndipo iye ankalikhulupirira ndi mtima wonse. Mabasi amagetsi ankayenera kuyenda pafupipafupi mumsewu waukulu wa m'chigwa, osakhotera m'midzi, kuti anamwino, ana a sukulu ndi antchito a kufakitale yamatabwa azisiya magalimoto kunyumba. Koma mabasi ndi madalaivala sankakwanira, choncho njira zolowa m'nkhalango zinayenera kufa. Imodzi mwa njirazo inali ya ku Tallfors.

Ku Tallfors ndi kumene kunkakhala bambo ake, a Sixten, okhaokha m'nyumba yamatabwa kuseri kwa tchalitchi. Adokotala anali atawaletsa kuyendetsa galimoto maso atayamba kuchita nkhungu. Mayi ake, a Gunborg, anali kunyumba yosamalira okalamba ku Lundsele, katauni ka m'chigwa. Mutu wawo unali utafufutika: mwana wawo sankamudziwa, ngakhale dzina lawo lomwe linawatayika. Koma akaona a Sixten ankatsegula pakamwa. Wina aliyense akawayandikizira supuni ankaluma mano. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse a Sixten ankavala chipewa chaubweya n'kukwera basi, kukadyetsa akazi awo phala ndi nkhomaliro, n'kubwerera madzulo.

Abwana a Pernilla ankafuna kutumiza munthu wina kuti akalengeze nkhaniyo kumudziko.

"Kwanu kuja akakunyoza mpaka ukalira," anatero. "Apite wina amene sakumudziwa."

"Ndinakonza ndine zimenezi," anayankha Pernilla. "Ndikanena ndekha."

Tsikulo anasiya galimoto yake ku Lundsele n'kukwera basi yomweyo. Unali mwezi wa Novembala, ndipo ngakhale inali nthawi yoweruka ana kusukulu, kunja kunali kutada kale. Pachiwongolero panali a Siv, mayi wamawu aakulu amene ankayendetsa basiyo kuyambira Pernilla ali kusekondale.

"Taonani, lero tanyamula abwana," anatero a Siv osamwetulira. "Mwabwera kudzaona nkhope tisanatseke bokosi? Khalani paliponse. Mipando yopanda anthu mukuidziwa bwino inuyo kuposa ine."

Bambo ake anali pampando wawo wa masiku onse, kuseri kwa dalaivala, magolovesi ali pamaondo. Anasendera kuti akhale.

"Wadya?"

"Ndadya, Ababa. Amayi ali bwanji?"

"Lero amaliza mbale yonse. Anandiluma chala, koma amaliza."

Basi inasiya msewu waukulu n'kuyamba kukwera m'nkhalango ya paini. Inatsitsa atsikana awiri a sukulu pafamu ina, ndipo kuchoka apo munatsala anthu atatu basi: a Siv, a Sixten ndi iye.

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya sukulu yakale, imene inatsekedwa ana atachepa. Amayi a kutchalitchi anafulula khofi n'kuika mabanzi patebulo, chifukwa ngakhale wobweretsa nkhani yoipa samusiya ndi njala. Pernilla anaima pamalo pamene aphunzitsi ake ankaima kale, n'kufotokoza zonse mosabisa. Chaka chatsopano chikalowa basi isiya. M'malo mwake kudzakhala galimoto yaing'ono yochita kuitanitsa pafoni dzulo lake, masiku atatu pa sabata.

A Birger, aneba a bambo ake, amene anathera moyo wawo wonse akudula mitengo, anaimirira atagwira kapu.

"Ndiye kuti munthu ukafuna kudwala Lachitatu, uzidziwiratu Lachiwiri," anatero. Anthu anaseka pang'ono. "Sukulu munatseka, sitolo inatseka, namwino munamutenga. Bwanji osangobwera ndi lole imodzi n'kutitenga tonse, tikafere kutauni mwadongosolo? Mwina pamapu panu pangaoneke bwino."

"Iwe Pernilla," anatero mayi wina kumbuyo, "basi yomweyi ndi imene inakuphunzitsa. Iwe wafika kumene unkapita, enafe titsale?"

Pernilla anayankha aliyense modekha. Ananena za anthu ambirimbiri a m'chigwa amene ankasowa chokwera, ananenanso kuti basi yaikulu yonyamula anthu atatu palibe angaipirire mpaka kalekale. Zonsezo zinali zoona, ndipo anthuwo ankadziwa kuti n'zoona. Kenako bambo ake anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Ndifunse nawo, mayi a ku ofesi," anatero. "Mwati masiku atatu pa sabata. Masiku enawo akazi anga azidya bwanji?"

"Kuli anamwino, Ababa."

"Aliko," anatero a Sixten, n'kukhala pansi.

Atafika kunyumba bambo ake anamukazingira mbatata ndi soseji. Pernilla anawapempha kuti asamukire ku Lundsele, pafupi ndi mayi ake. Iye adzawapezera kanyumba.

"Ndikakhale pawindo ngati duwa la mumphika?" anatero. "Kuno ndimawaza nkhuni, ndimakokolola chipale chofewa pakhomo, ndimadziwa kuti ndili moyo. Usade nkhawa. Walankhula bwino lero, ndakumva ngakhale ine wogontha."

Akanamukalipira zikanamupepukira.

Basi inasiyadi. A Siv anawasamutsira kumabasi atsopano a m'chigwa. Foni yoitanitsira galimoto inkayankhidwa ndi makina, ndipo a Sixten, ndi timakina tawo ta m'makutu, sankamva kuti adine pati. Choncho Pernilla ankawaitanitsira ali ku ofesi kwake, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Loweruka ankadzuka mbandakucha, kuyenda ulendo wautali wochoka mumzinda kukawatenga yekha. Masiku ena a Birger ankawaperekeza, mpaka galimoto yawo yakale inafa injini pakati pa Januwale.

Namwino wa ku Lundsele anamuimbira foni. "Sitikufuna kukuopsezani," anatero, "koma masiku amene bambo anu sabwera, mayi amangomwa madzi. Masiketi ayamba kuwavuka."

Mu Febuluwale kunagwa chipale chochuluka Lamlungu ndi Lolemba, moti galimoto sinathe kukwera ku Tallfors. Lachitatu kunayera, kukuzizira kwakuti mphuno zinkamatana ukapuma. M'mawa wa tsikulo Pernilla anali pamsonkhano ndi akuluakulu a chigawo, akufotokoza gawo lachiwiri la dongosolo lija, foni yake ili m'chikwama ataitseka pakamwa. Atatuluka masana anapezamo uthenga wa m'mamawa. Dalaivala wadwala, wina wolowa m'malo palibe, ulendo wa lero walephereka. Uthengawo unabwera kwa iye chifukwa ndiye anaitanitsa.

Anaimba kunyumba, foni inangolira. Anaimbira a Birger.

"Ndinawaona ataima pasiteji yakale ija," anatero a Birger. "Anaima nthawi ndithu. Kenako ndinawaona akutsetsereka ndi ndodo yawo. Ndimayesa galimoto ikuwadikira kumunsi."

Pernilla anaimbira ku Lundsele, ndipo anamuuza kuti sanafike. Ali mkati movala jekete, makiyi ali m'manja, foni inalira. Anali a kuchipatala.

A Sixten ataona kuti galimoto sikubwera, anaganiza zoyenda pansi mpaka kumsewu waukulu, akakwere basi yatsopano. Ulendowo ngakhale mnyamata amauganizira kawiri nthawi ya dzuwa. Anayenda kupitirira theka. Pamene msewu umatsikira kumlatho anaterereka n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo anagona pamenepo mpaka dalaivala wa lole yonyamula mitengo anaona chinthu chakuda m'mbali mwa msewu n'kuima.

Pernilla anawapeza m'chipatala ali pabedi, nkhope itatumbuluka, manja atawakulunga nsalu. Atatsegula maso anamufunsa:

"Wawauza a ku Lundsele kuti lero sindifika?"

"Ndawauza, Ababa."

"Phala asamaliike mkaka wozizira. Sadya."

Pernilla anafuna kunena za foni imene inali m'chikwama, koma iwo anali atatsekanso maso. Patapita masiku madokotala anadula zala ziwiri za kudzanja lamanja zimene zinafa ndi chisanu.

Pernilla anapempha tchuthi n'kupita ku Lundsele kukayesa kudyetsa mayi ake yekha. Anatenthetsa mkaka, anauzira phala monga ankaonera bambo ake. Mayi ake anatembenuzira nkhope kukhoma. Tsiku lotsatira anadutsa ku Tallfors n'kutenga juzi la bambo ake lonunkha utsi wa nkhuni, analivala, nakhala mbali imene iwo ankakhala. A Gunborg ananunkhiza mkono wa juzilo, anakweza maso n'kumuyang'anitsitsa.

"Amayi, ndine Pernilla. Idyani pang'ono."

"Pepani mayi," anatero a Gunborg mwaulemu. "Ndikudikira munthu."

Anamwino anayesa zonse zimene ankadziwa, ndipo nthawi zina timasupuni tingapo tinkalowa. Koma a Gunborg ankangofota.

A Sixten atatuluka m'chipatala sakanathanso kukhala okha. Pernilla anachonderera kuti awaike nyumba imodzi ndi akazi awo, koma ku Lundsele kunalibe chipinda, ndipo panali ena amene anayamba kudikira kale. Anawapezera malo m'tauni ina ya m'mbali mwa nyanja, kutali kwambiri kuposa Tallfors. Kawiri konse Pernilla anabwereka galimoto yolowa njinga ya olumala n'kuwatengera kwa akazi awo. Ulendo woyamba a Gunborg anadya theka la mbale, a Sixten akuwadyetsa ndi supuni kudzanja lamanzere, phala likutayikira pabulangete. Ulendo wachiwiri anapeza a Gunborg akugona, ndipo sanadzuke mpaka nthawi yobwerera.

A Gunborg anamwalira mu Epulo, chipale chitayamba kusungunuka m'madenga.

Anawaika ku Tallfors. Mwambo utatha, anthu akumwa khofi, a Siv anabwera n'kumugwira Pernilla paphewa.

"Mabasi ako aja akudzaza," anatero. "M'mawa ena amachita kuimirira. Sindikukunyoza ayi, ndikungokuuza, poti mwina palibe akukuuza."

Pernilla anagwedeza mutu. Ankazidziwa, chifukwa ankaziona pakompyuta tsiku lililonse. Analowa m'kachipinda kosungiramo majekete n'kuima pakati pa zovala za anthu mpaka kulira kutamusiya.

Sabata yotsatira mkulu wa nyumba ya ku Lundsele anamuimbira. Anayamba ndi chipepeso, kenako anazungulirazungulira, mpaka ananena: chipinda chapezeka, ndipo wotsatira pamzere ndi a Sixten.

"Chipinda chiti?" anafunsa Pernilla, ngakhale ankadziwa kuti n'chimene munkagona mayi ake.

"Tachipenta," anatero mkuluyo.

Pernilla ankaganiza kuti bambo ake akana, koma atawauza sanakane.

"Anamwino a kumeneko ndimawadziwa," anatero. "Ndipita."

Atabwerera kuntchito, Pernilla anapempha akuluakulu kuti abwezeretse ulendo umodzi wokha wa m'mawa ku Tallfors ndi midzi ina iwiri. Anamumvetsera mwachifundo, chifukwa onse anali atamva za bambo ake, ndipo anati nkhaniyo adzaiona chaka chamawa. Iye mwini akanakhala pampando wawo akanayankha chimodzimodzi. Ntchito sanasiye. Gawo lachiwiri la dongosolo lija linavomerezedwa, ndipo dzina lake linali pamenepo.

M'chilimwe a Birger anasamukira kwa mwana wawo wamkazi kumwera. Atsikana a pafamu aja makolo awo anawapezera malo ogona kutauni. Nyumba ya a Sixten anaigula anthu a ku Holland amene ankafuna kumabwera mwezi umodzi pachaka kudzawedza nsomba.

Pernilla anabwera ndi mapepala ogulitsira nyumbayo Loweruka lina. Anapeza bambo ake atawakhazika panja, pamthunzi, atawafunditsa bulangete ngakhale kunali kotentha. Anasaina ndi dzanja lamanzere, zilembo zokhotakhota.

"Anthu amenewa amadziwa kuti mapaipi amafunika kukhuthula madzi chisanu chisanayambe?" anafunsa.

"Ndiwauza."

"Uwasonyeze, osangowauza. Mpopi wake uli pansi pa masitepe, ndipo ndi wolimba. Akapanda kutero adzapeza nyumba yonse itaola."

"Ndiwasonyeza, Ababa."

Anakhala limodzi mpaka namwino anabwera kudzawalowetsa. Pernilla anadzuka kuti akankhe njinga yawo ya olumala, koma iwo anamuletsa ndi dzanja lachilema lija.

"Asiye agwire ntchito yawo. Iwe pita, msewu ndi wautali."