Bokosi Lowotcherera

Telala wa kuseri kwa msika anali mayi waluso, koma ndalama inkamuyabwa m'manja. Akalandira ya ntchito m'mawa, pofika masana inali itasanduka wigi, chikwama kapena nsapato. Mavenda ankamudziwa bwino. Ankangoima pakhomo pa shopu yake n'kugwedeza katundu, iye kusoka n'kuleka.

Atatopa ndi kudzikwiyira, anapita kwa mchimwene wake wowotcherera zitsulo kuti amupangire bokosi lachitsulo lopanda chivundikiro, la kabowo kamodzi pamwamba. Ndalama zolowa m'menemo zinali za mwana wamkazi wa telalayo, yemwe ankadwala mphumu.

"Ngakhale ndilire chotani, achimwene, musadzalitsegule," anatero. "Pokhapokha mwana atadwala."

Bokosilo linkakhala kuntchito kwa mchimwene wakeyo, pansi pa benchi. Loweruka lililonse telalayo ankabwera, n'kuphimba kabowo ndi dzanja, m'kati n'kumveka kuti ngwee. Mchimwene wake ankamwetulira kuseri kwa galasi lakuda lowotcherera, poganiza kuti mlongo wake wasintha. Chimene sankadziwa n'chakuti sabata imene venda wapambana, mayiyo ankaponyamo mabatani achitsulo a majinzi, poopa manyazi ofika chimanjamanja. Mumtima ankati ndi mwa apo ndi apo chabe, sabata yamawa abwezera. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa mawu.

M'mawa wina mwana uja anayamba kubanika. Kabotolo kopopera m'kamwa kanali katatha, kankangotulutsa mphepo. Mayiyo anapisa mapazi mu nsapato zimene zinali pakhomo, gogoda zofiira zogula dzulo lake, n'kuthamanga naye kuchipatala. Nesi anamubaya jakisoni mwanayo n'kumugoneka pabenchi, milomo ili mbuu, chifuwa chikulira ngati mluzu.

"Mayi, jakisoniyu angomugwiriziza," anatero nesi. "Mankhwala opopera kuno atha. Kaguleni ku famase panopa, chikayambiranso muli opanda kanthu musadzati sindinanene."

Ku famase mayiyo anakhuthula chikwama chonse patebulo. Munatuluka lipisitiki, ndolo zosavala n'komwe ndi timakobidi tochepa. Anapempha, analumbira, anatchula shopu yake ndi makina ake, wogulitsayo anangopukusa mutu. Anatola zinthu zake n'kutuluka akuthamanga.

Anafika kwa mchimwene wake thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, tsegulani bokosi!"

Mwamunayo anakweza galasi, maso n'kugwera pa nsapato zija. "Wadutsanso venda uti lero?"

"Mwana, achimwene! Ali pabenchi kuchipatala, sakupuma bwino. Chonde, ndagwira mwendo wanu."

Sanafunsenso. Anakoka bokosi lija, nalipima m'manja. "Mtima pansi, mlongo wanga. Taona kulemera kwake. Apa tigula mankhwala, zina n'kutsala."

Mawu amenewo anamulasa mayiyo kuposa kukalipa. Galayinda, makina odulira zitsulo aja, inayamba kulira, moto ukuthetheka, mayiyo akupemphera chamumtima kuti masabata abwino aja akhale ambiri kuposa oipa. Anayesa kukumbukira Loweruka limene anaponyamo ndalama yeniyeni. Linali kutali.

Chitsulo chinang'ambika. Mchimwene wake anapendeketsa bokosi, mabatani n'kukhuthuka pasimenti, ena akugubuduka mpaka kumsewu. Pakati pake panali makobidi owerengeka ndi kandalama kapepala kamodzi kopindapinda.

Telalayo anagwada n'kuyamba kufukula ndi zala. "Zilimo, achimwene, ndinkaikamo ine. Zilimo, dikirani." Ankasankha, kusankhanso, koma batani limakhala batani. Zimene anatola sizikanagula ngakhale theka la kabotolo.

"Ndikabweza nsapatozi," anatero akulira. "Ndigulitsa mawigi onse, ndigulitsa chilichonse."

"Kwa ndani, nthawi ino? Amene anakugulitsa dzulo lero sakudziwa."

Mwamunayo sanatukwane, ndipo mayiyo akanakonda atamutukwana. Anangozula waya wa galayinda pakhoma, n'kuukulunga pang'onopang'ono, n'kupukuta makinawo ndi malaya ake. Mwini sitolo ya zitsulo patsidya pa msewu anali ataifuna kalekale galayindayo, iye akukana, poti ndi imene inkadyetsa ana ake.

"Ayi, achimwene! Mawa mugwira ntchito ndi chiyani?"

"Nanga mwana lero apuma ndi chiyani?"

Anaiika paphewa n'kuwoloka msewu. Mlongo wake anatsatira pambuyo, gogoda zikulira go, go, go paphula, moti anthu ankacheuka. Venda wina anamuzindikira, nayamba kumugwedezera chikwama chatsopano akumwetulira.

Mayiyo anaima pakati pa msewu, navula nsapato zija n'kuzisiya pomwepo. Phula linkawotcha. Wopanda nsapato choncho, anathamangira mchimwene wake, m'dzanja atafumbatabe mabatani amene anaiwala kutaya.