Chikasu cha m'maso mwa amayi

Masana onse, a m'banjamo anali pakhonde akusankha nyemba, kupatula Iolanda amene anali ndi kompyuta pamiyendo. Ntchito yake ku Furancungo inali yojambula maukwati, ndipo m'mawa umenewo anali atajambula mayi ake, a Alda, akupereka moni kwa mwana wawo woyamba, Eusébio, amene amagwira ntchito ku Joni. Iolanda ankamutchula kuti mano, achimwene m'Chipwitikizi, ndipo iye ankamutchula kuti mana.

Mawu ankamveka bwino. Vuto linali maso. Pa vidiyo, maso a mayiwo anali achikasu ngati mkati mwa dzungu. Kuchipatala anali atanena kale kuti ndi chiwindi, nawabweza kumudzi ndi mankhwala.

"Uchotse chikasucho, ndiye utumize," anatero a Alda.

"Amayi, mano Eusébio ayenera kudziwa."

"Adziwe kuti atani? Mapepala alibe. Akangowoloka malire sabwererakonso, ndiye ana ake adya chiyani? Si iwe umawalitsa akwatibwi mpaka amuna awo kuwadabwa? Ukanike pa mayi ako?"

Iolanda anakoka kamzere kosinthira mitundu, kuchoka ku chikasu kupita ku buluu. Maso anayamba kuyera. Koma mitundu ya pa chithunzi imayendera limodzi: khoma la laimu linachita buluu, nkhunda zoyera kumbuyo buluu, milomo ya mayiwo nkuda bii.

Bambo ake, a Virgílio, anasuzumira.

"Aa, amake Eusébio, mwanayu wakumizani m'dziwe! Bola poyamba paja. Apa mukuoneka ngati takunyamulani kale."

"Pakamwa panupo," anatero a Alda akuseka, koma kusekako kunathera m'chifuwa.

Iolanda anayesa kuzungulira maso okha kuti awayeretse paokha. Mayiwo polankhula amagwedeza mutu, ndiye kamalo koyerako kankatsalira pamphuno, mwina pakhutu. Anachotsa mitundu yonse, chithunzi nkukhala chakuda ndi choyera.

"Ayi," anatero mayiwo. "Zotere amaika pamanda."

Iolanda anatseka kompyuta nkuyamba kusankha nawo nyemba. Foni inalira kamodzi rede, netiweki ya foni, itagwira. Unali uthenga wa Eusébio: "Mana, vidiyo ija? Amayi ali bwanji kwenikweni? Usandibise." Mayi ake anamuyang'ana, dzanja lili phe m'lichero.

Iolanda atatsegulanso kompyuta, anakokera kamzereko mbali inayo. Anawonjezera chikasu. Khoma linafiira ngati dzuwa likupendeka, nkhunda zinachita golide, fumbi la pabwalo linawala. M'kuwala koteroko maso a mayiwo sanasiyanenso ndi china chilichonse. Ankangooneka ngati munthu wowothera dzuwa la madzulo.

"Eya, ndine ameneyo," anatero a Alda. "Waona? Sunaname. Sunachotse kanthu."

A Virgílio anayang'ana nthawi yaitali, kenaka ananyamula lichero nkupita kuseri kwa nyumba.

M'mawa mwake Iolanda anakwera pachulu cha kumunda, pamene rede imagwira bwino. Mavidiyo onse awiri anali m'foni, weniweni ndi wokonzedwa. Pansi apo mayi ake anali atakhala pamkeka, nkhope ataiyang'anitsa kuchulu. Anasankha wokonzedwa uja. Anayamba kulemba kuti "Mano, koma", nafufuta.

Yankho linabwera la mawu, kumbuyo kukumveka phokoso la magalimoto. "Ee, mana, kwathu kukongola dzuwa likamalowa! Amayi anenepako, eti? Mtima wanga wakhala pansi. Uwauze kuti Dezembro uno sindikwanitsa, koma chaka chamawa ndithu."

Iolanda anatsika pachulupo pang'onopang'ono.

"Wati chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Akuti mwanenepa."

"Mwana wabodza ngati bambo ake. Bwera undidzutse, madzi osamba akuzizira."

Iolanda analowetsa foni m'thumba, nawagwira m'khwapa. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi.