Msoko Wodula ndi Lezala

Unali mwezi wachitatu makina a telala osamveka pakhonde la golosale. Mlongo wake, yemwe ankagulitsa tomato tsidya la msewu, anali atazolowera phokosolo ngati mkonono wa mwamuna wake: umadandaula nawo, koma ukasiya mtima sukhalanso m'malo.

Panalibe maliro. Mkazi sanamuthawe, poti analibe n'komwe. Munthu anangoyamba kuzilala. Nthabwala zinatha, ndevu zinakula, kenako anadzitsekera m'chipinda chake cha lendi, makatani ali chitsekere dzuwa lili paliwombo. Ena anati ndi ulesi, ena anati amulodza, wometa tsitsi anati mankhwala ake ndi mkazi basi. Anamwino kuchipatala anati ndi matenda a maganizo ndipo amachizika, koma munthuyo asamakhale yekha.

Ndiye anthu a mumsewumo, ndi chifundo chawo chija, anapangana zoti asamupititsirenso zovala, apume kaye. Anayamba kukasoketsa kwina, n'kumadutsa pakhomo pake monyang'ama. Iwo ankati akumuthandiza.

Tsiku lina mlongoyo atapita ndi chakudya, anapeza mbale ya dzulo ili chivundikirire. Telala, nkhope ili kukhoma, anati anthu amutaya, adzionera okha kuti ndi munthu wopanda ntchito. Kenako anati makina aja adzapatsidwe kwa mwana wamkazi wa mlongo wakeyo. Mayiyo anachita mantha. Telala wa zaka makumi anayi sagawa makina ake akadali ndi maganizo okhala moyo.

Atafika kwawo, mayiyo anatulutsa diresi lake la kutchalitchi, natenga lezala n'kuyamba kudula msoko wa m'khwapa, ulusi umodziumodzi, misozi ili chuchuchu. M'mawa mwake anakaliponya pabedi la mchimwene wakeyo, akukalipa mwadala kuti lang'ambika lokha, ndipo Lamulungu sangalowe m'tchalitchi khwapa lili poyera.

Telala anatenga nthawi kuti adzuke. Analitembenuza diresilo, nayendetsa chala pamsokopo. Anali atalisoka yekha zaka zisanu zapitazo.

“Achemwali, msoko wanga sung'ambika chonchi. Apa padutsa lezala.”

Mayiyo anagwidwa ndi manyazi. Anakhala m'mphepete mwa bedi.

Makina anali pakona, atafunditsidwa nsalu, ndipo telala sanawayang'ane n'komwe. Anangopempha singano. Anasoka pamanja, ntchito ya mphindi zisanu n'kutha ola lathunthu. Msoko unatuluka wokhotakhota ngati wa munthu wongophunzira kumene. Iye anauona bwinobwino, ndipo zinamuwawa.

“Muli ndi madiresi angati, achemwali?”

“Anayi, achimwene.”

Telala anadula ulusi ndi mano, napinda diresilo mosamala monga ankachitira kale pakhonde paja.

“Muzibweretsa limodzilimodzi,” anatero motsitsa mawu. “Asathe msanga.”