Mbuzi yomangidwa ku mwendo wa bedi

Madzi osefukira atatenga nyumba yanga, anatenganso nkhuku ndi ndowa zomwe. Mantha okha ndiwo anandisiyira, kaya anawalemera.

A bungwe lothandiza anthu m'dera mwathu anatigoneka m'kalasi, natigawira mabulangete. Ine ndinachenjeza aliyense kuti bulangete laulere limabwera ndi chifuwa. Ndinafunda awiri.

Madzi ataphwa a bungwe aja anatimangira tinyumba kumtunda, kenaka anabweretsa mbuzi. Wapampando wa bungwelo, mayi wamfupi wapakamwa, anati, "Agogo, iyi ndi yanu. Ikabereka, mwana woyamba mupereke kwa Make Mapasa, nawonso apeze poyambira."

Make Mapasa ndi mnansi wanga. Mwamuna wake anapita ndi madziwo.

Nditaiyang'ana mbuzi ija ndinaona akuba, agalu, njoka, mapulasitiki a m'njira. Ndinaimangirira ku mwendo wa bedi. Msipu ndinkakamweta ndekha. Ikamalira n'kumagunda chitseko ndinkaiuza kuti, "Kunjaku kulibe chabwino, mwanawe. Undifunse ine."

Inanenepa, ubweya kuchita kung'anima. Anzathu onse anapereka ana a mbuzi zawo. Make Mapasa anamanga kakhola, n'kumasesamo mopanda kanthu.

Tsiku lina Wapampando anaipeza ikutafuna katani.

"Agogo, mimbayi ndi bere?"

"Ayi, ndi kukhuta."

"Inakumanapo ndi tonde?"

"Wonunkha uja wa a Kalipentala? Woyenda ndi mbuzi iliyonse uja? Mwana wanga ayi!"

Anaseka mpaka kugwira khoma. "Nanga inuyo ana onse aja anachita kukugwerani kudenga?"

Make Mapasa anali ataima pakhomo, ndipo sanaseke. "Musavutike, agogo," anatero. "Ndidikirabe."

Bola akanandilalatira.

Kutacha ndinaitenga ndekha kupita nayo kwa a Kalipentala. Njira yonse ndinkailangiza: usadye za eni, usamwe m'chithaphwi, zonena za mwamuna usazikhulupirire. Sinandimve n'komwe. Itangomva fungo inandikoka, ine bi! pageti, mpango uko, nkhope muutuchi.

"Pepani agogo, mkwatibwi wafulumira," anatero a Kalipentala, akundikokera mpando. Ndinaugwedeza kaye, ndiyeno n'kukhala chofulatira.

Inabereka kamsoti kamawanga. Katasiya kuyamwa, Make Mapasa anabwera ndi chingwe. Ndinamuperekeza mpaka kwake, ndikumuwerengera zoopsa za panjira, ngakhale makomo athu ndi oyang'anana.