Ana Onse ku Chipatala cha Bodza

Nambala ija inakana kusuntha. Kuyambira m'mawa inkangozungulira pa 210, kutsikira pa 205, n'kubwereranso, ngati mbuzi yomangirira pachikhomo.

Kalaliki anali ataima kumbuyo kwa mpando wa Digiri, manja m'chiuno, maso pasikirini. Dzina loti Kalaliki anamupatsa zaka zinayi zapitazo atangolowa pakampanipo, pomwe ntchito yake inali yongokopera makhadi a ana a kusikelo n'kumalowetsa m'kompyuta. Mapepala a sukulu analibe. Zonse anaziphunzira pomwepo, posuzumira pa mapewa a anzake ndi kufunsa mafunso mpaka anthu kumamuthawa m'khonde. Tsopano detabesi yonse, nkhokwe yosungamo makhadi a ana a zipatala 400, anaimanga ndi iyeyo, tebulo ndi tebulo, miyezi isanu ndi iwiri yathunthu.

Eni ake a ntchitoyo ananeneratu poyera: detabesi izitha kumeza makhadi 1,500 pa sekondi imodzi, chifukwa netiweki ikasowa n'kubwerera, zipatala zonse zimatumiza makhadi awo nthawi imodzi. Digiri, mnyamata wamtali wa magalasi ndi madigiri awiri amene ankayesa zinthu zonse pakampanipo, analemba pulogalamu yonamizira anamwino 60 akutumiza makhadi osapuma. Ndiye anamwino abodzawo ankatumiza, detabesi n'kumameza 210 basi.

Bwana analowa atanyamula kapu ya tiyi, anayang'ana nambalayo n'kupukusa mutu.

“Amayi, ine ndakudikirani mokwanira. Ikakwana 3 koloko zinthu zili chonchi, ndiimbira akatswiri akunja aja abweretse detabesi yawo yopangapanga. Inu mubwerera pa makhadi anu. Si chilango, musandimve molakwa.”

“Ndamva, bwana.”

Atatuluka, Digiri anazungulira ndi mpando wake.

“Akalaliki, ine ndinanena kale. Seva yanuyi, kompyuta yosenza detabesiyi, ndi bulu, inu mukufuna ithamange ngati hatchi.”

“Bulu ndinu. Wonjezerani anamwinowo akhale 200 tione.”

Anawonjezera. Nambala inatsika, 170.

“Mwaonatu. Tikamaisenzetsa ikungogwada.”

Anali atayesa kale zambiri. Anaipatsa memole yochuluka, osasintha. Anasintha waya wa netiweki, Digiri mpaka kukwawira pansi pa tebulo n'kutuluka ndi ukonde wa kangaude m'tsitsi, osasintha. Kalaliki anapendanso mafunso onse amene pulogalamu imafunsa detabesi, limodzi ndi limodzi, ndipo lililonse palokha linkayankhidwa munthu asanaphethire. Chinthu chothamanga chonchi chikakhala chokha, chingafooke bwanji pagulu?

Anasiya sikirini n'kupita kuchipinda cha seva, kumapeto kwa khonde. Kunali kozizira ngati m'filiji, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Anagwada kumbuyo kwa seva yawo n'kuika chikhatho pomwe pamatulukira mpweya. Mpweya wake unali wongofunda pang'ono, mafani akungong'ung'udza chapansipansi. Iye ankaidziwa bwino seva imeneyi. Tsiku lomwe anakoperamo makhadi akale onse inkabangula ngati galimoto pamtunda, mpweya wake wotentha wokhoza kuumitsa thewera.

Anadzuka msangamsanga. Anabwerera chothamanga, nsapato imodzi kutsala pang'ono kuvuka.

“A Digiri, sevayi sikutuluka thukuta ayi.”

“Thukuta?”

“Tsegulani pomwe timaonera mmene purosesa ikugwirira. Tsegulani msanga.”

Purosesa, ubongo wa sevayo, inali pa 6 peresenti. Disiki nayo inkangowodzera.

“Ndiye munthu wotopa amakhala chonchi? Iyi sinatope. Yangokhala. Ikudikira chinachake.”

“Ikudikira chiyani, basi?”

“Sunthani.”

Anamukankha ndi mpando womwe, n'kuwerama pakiyibodi chiimire. Detabesi ili ndi pomwe imaonetsa aliyense amene walumikizana nayo ndi chimene akuchita panthawiyo. Kalaliki anaitanitsa mndandanda umenewo mayeso ali mkati. Anamwino 200 anandandalika pasikirini. Mmodzi yekha ndiye ankagwira ntchito. Ena onse 199 pambali pawo panalembedwa chinthu chimodzi: akudikira loko. Anaitanitsanso. Wogwira ntchito anali wina tsopano, koma yekhabe, ena onse ali pamzere.

“Loko wa chiyani?” Digiri anafunsa, magalasi atatsetsereka pamphuno.

Kalaliki anatsatira ndi chala. Onse ankadikira malo amodzi, pa tebulo la m'detabesi losunga mndandanda wa zipatala, mzere woyamba.

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, mayi wokolopa amene ankadutsa pakhomo n'kusuzumira kuti aone ngati kwagwa zotani.

“Achimwene anga, ana anu abodzawa mukuwatumiza chipatala chiti?”

“Nambala 1. Pali chinanso?”

Analoza kukhoma. Pamenepo panali pepala lomata ndi selotepi yofiirira ndi ukalamba, lolembedwa ndi dzanja la Bwana zilembo zikuluzikulu: ZOYESA ZONSE KU CHIPATALA NAMBALA 1. Lamuloli linabadwa chaka chatha, munthu wina atayesera pulogalamu pa nambala ya chipatala chenicheni, ndipo m'lipoti la mwezi munatuluka ana 900 osabadwa, mmodzi wa miyezi itatu wolemera makilo 80. Bwana anakapepesa okha kwa eni ntchito, n'kubwerako nkhope ili yakugwa. Kuyambira pamenepo anatsegula chipatala chongopeka, nambala 1, chimene aliyense ankachitcha Chipatala cha Bodza, ndipo munthu woyesera kwina ankadziwa yekha kuti walemba m'madzi.

“Mvetserani,” anatero Kalaliki, mawu akuthamangitsana. “Khadi likalowa, detabesi imachita ziwiri. Imasunga khadilo, kenako imapita pamzere wa chipatala chake n'kuwonjezera mmodzi pa ana amene aonedwa lero. Pomwe ikulemba pamzerepo imatseka, kuti awiri asalembe pamodzi n'kusokoneza chiwerengero. Ndinaika dala ine zimenezo. Ndiye inu mwatenga anamwino 200, mwawapatsa cholembera chimodzi, chomangirira chingwe pawindo. Mukamawonjezera anamwino mukungotalikitsa mzere.”

Digiri anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso.

“Ine ndinangotsatira lamulo.”

“Ndipo munatsatira bwino zedi. Madigiri awiri onsewo ndi otsatira malamulo.”

“Musandinyoze, pepalalo mumaliwerenga nanunso tsiku ndi tsiku.”

“Eya, tonse ndife akhungu. Tiyeni, nthawi ikutha.”

Foni yake inalira m'thumba. Anali mng'ono wake amene ankatsala ndi mwana kunyumba. Anaipana ndi phewa, zala zili pakiyibodi.

“Wakana phala? Musiye kaye, uyese ndi kasupuni kakang'ono kaja. Ayi, usamukakamize. Ndikuimbira, ndili pamoto.”

Digiri anali atayamba kale kutsegula pulogalamu yake, koma anaima.

“Koma pepani, Akalaliki. Lamulo ndi la Bwana. Ine zotumiza ana abodza ku zipatala zenizeni ayi, ndili ndi banja.”

“Ndani wanena zenizeni? Timange zabodza 400. Bodza 1, Bodza 2, mpaka Bodza 400.”

“Mukawafunse kaye.”

Inali itadutsa 2 koloko. Kalaliki anagogoda pa ofesi ya Bwana kamodzi n'kulowa asanayankhidwe. Anawapeza akuyang'ana nambala ya foni pakapepala. Anafotokoza zonse chiimire, za mpweya wozizira, za anamwino 199, za mzere woyamba. Bwana anamvetsera atatsamira kumbuyo.

“Ndiye mukuti cholakwa ndi pepala langa.”

“Pepala lanu ndi labwino, bwana, linatipulumutsa. Koma munalilembera munthu mmodzi woyesa khadi limodzi. Mayeso a liwiro akufuna dziko lonse la bodza, osati chipatala chimodzi.”

“Kapena mukufuna kusintha mayeso kuti mukhoze? Ana a sukulu amatero.”

Funso limenelo linamulasa, koma linali loona, ndipo iye anali ataliganizira kale m'khonde.

“Tisawagawe mofanana, chifukwa limenelo lingakhale bodza lenileni. Makhadi ndakopera ine zaka zitatu, ndikudziwa. Zipatala zazikulu khumi zimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ana onse. Zina zimaona ana khumi ndi awiri tsiku lonse. Tigawe choncho. Ikagwa pamenepo, imbani foniyo, ine ndikuthandizani kudina manambala.”

Bwana anayang'ana wotchi, anapinda kapepala kaja n'kuimirira.

“Tiyeni ndikaone ndi maso anga.”

Zipatala 400 zabodza Kalaliki anazimanga m'mphindi zisanu. Digiri anasintha pulogalamu yake kuti izimwaza ana monga ananenera, akung'ung'udza kuti munthu sagwira bwino ntchito anthu awiri atamuima pamsana. Analakwitsa koyamba, pulogalamu inakana kuyamba. Anakonza. Mayi wokolopa uja anali ataimika mopu pakhomo, osachokanso.

“Dinani,” anatero Kalaliki.

Nambala inayamba pa 300. Kenako 740. Kalaliki anagwira mpando wa Digiri ndi manja onse awiri. 1,100. 1,400.

“Pita, mwana wanga, pita,” ankanong'ona.

Inadutsa 1,500 osayang'ana n'kumbuyo komwe, inakwera mpaka 2,050, inagwedezeka pang'ono, n'kukhazikika pa 1,900. Kuchokera kumapeto kwa khonde kunamveka mkokomo wa mafani, chitseko chili chotseka.

“Imveni! Imveni mmene ikubangulira!” Kalaliki analumpha, anawomba m'manja, anagwedeza Digiri mapewa mpaka magalasi kugwera pamiyendo. Mayi wokolopa naye anawomba m'manja, kenako n'kufunsa kuti wawina ndani.

“Bulu uja,” anatero Kalaliki. “A Digiri, mwamuona bulu wanu?”

“Bulu wadya mankhwala ameneyu.”

Bwana sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala.

“Kamodzi ndi mwayi. Isiyeni ithamange mphindi khumi, muzimitse, muyambirenso. Katatu.”

Digiri anaiyambitsanso. Ulendo woyamba inathera pa 1,910. Wachiwiri 1,880. Kalaliki anaitanitsanso mndandanda wa odikira uja ulendo wachitatu uli mkati: anamwino ambiri ankagwira ntchito, ochepa okha ndiwo ankadikirana pa zipatala zazikulu zija, ndipo anawaonetsa Bwana osabisa.

“Apa pakadali kamzere. Zipatala zazikuluzi zikadzakula kawiri, padzafunika kukonza. Ndikudziwa kale pokonza pake, koma si za lero.”

Ulendo wachitatu unathera pa 1,895. Bwana anaimirira, anawongola jekete.

“Eni ntchito akubwera Lachisanu. Muwaonetsa inuyo, ndipo za kamzere kanuko mukawauzenso momwe mwandiuzira ine.”

“Ndilankhule ine? Pamaso pawo?”

“Nanga anaimanga ndani? Makhadi otsala aja ndipeza wina akopere.”

Kalaliki sanataye mpata.

“Ndiye bwana, pali chimodzi. Ndikufuna kiyi wanga wa chipinda cha seva. Wobwereka uja ndimachita kumusaka ofesi yonse ngati ndikupempha mchere.”

Bwana anamuyang'ana kanthawi, anapisa m'thumba, n'kuyamba kulimbana ndi mphete ya makiyi ndi chikhadabo. Inali yolimba. Kalaliki anatambasula dzanja.

“Bweretsani kuno, muthyoka chala.”