Chipinda cha Doña Chela

Nelsy anali pamwamba pa makwerero akugogoda khoma ndi chigwiriro cha chopalira pamene Don Aurelio anatuluka ndi khofi.

"Tsika, mwanangu. Ndakuitanira kupenta, osati kugumula."

"Likugumuka lokha, padrino," anatero Nelsy. Analowetsa chopaliracho pang'ono, chibanthu cha penti wakale n'kugwa pamodzi ndi mchenga.

M'tauni yonse ya Soledad ankamudziwa Nelsy Barrios. Disembala akamayandikira, nyengo imene kumeneko mvula imaleka, aliyense amafuna nyumba yake iwale, ndiye foni yake sinkapuma. Koma tsikuli anasiya zonse, chifukwa Don Aurelio ndi amene anamuyimira pa ubatizo, n'chifukwa chake ankamutchula kuti padrino. Mkazi wa mkuluyo, Doña Chela, amene Nelsy ankamutchula kuti madrina, ankayembekezeka kutuluka m'chipatala sabata yotsatira atadwala matenda opha ziwalo, ndipo iye ankafuna kuti akamatsika m'galimoto apeze nyumba yonse ili yachikasu monga inalili atangokwatirana.

Nelsy anazungulira nyumbayo ndi mlamu wake Wilmer, amene ankamugwirira tepi. Anayeza makoma, n'kuchotserapo zitseko ndi mawindo. Kumunsi chinyezi chinali chitadya pulasitala mpaka m'mawondo. Anawerengera kupala, simenti, mankhwala otsekera chinyezicho, penti wopaka kawiri, malipiro a antchito ake, komanso kenakake ka zimene khoma limabisa mpaka utalipala. Atamaliza anatchula mtengo akumuyang'ana mkuluyo m'maso.

Don Aurelio anaika kapu pansi. Ndalama zimene anali nazo sizinkafika ndi theka lomwe.

"Efraín wa kuseri kwa tchalitchi wati akhoza kupenta yonse ndi zomwezi."

"Akhozadi. Muitaneni. Kenako mudzandiitane ndidzapale penti wakeyo, koma mtengo udzakhala utakwera."

Wilmer anamukokera Nelsy pambali, pafupi ndi geti.

"Alamu, apa m'posavuta. Tigule wotchipa uja, tithiremo madzi, tipake kamodzi osapala. Khirisimasi idutsa nyumba ikuwala, akuluwa ali osangalala."

"Nanga mvula ikabwera?"

"Mvula ili kutali."

"Madzi achuluka m'mutu mwanumo, alamu. Nyumba ili pakona iyi. Ikayamba kusendeka, wokwera basi aliyense adzanena kuti wapenta ndi Nelsy."

Anabwerera kwa mkuluyo. Anamuuza kuti thukuta lake salipiritsa, koma zipangizo ndi malipiro a antchito sangazichepetse, chifukwa nawonso ali ndi ana amene akudikira Khirisimasi.

"Sindinakuitane kuti undimvere chisoni," anatero Don Aurelio nkhope itauma. "Ndinakunyamula ukulira kutchalitchi, lero uzindipatsa zachifundo?"

"Chabwino, mundilipira ngati wina aliyense. Koma ndifunse kaye. Madrina akabwera azikhala pati?"

"Azikhala m'nyumba mwake. Funso lanji limenelo?"

"Pati penipeni? Adokotala ati chiyani?"

Don Aurelio anayang'ana kumsewu, kumene munthu wogulitsa mapeyala ankadutsa akukankha ngolo.

"Ati kuyenda n'kokayikitsa," anatero chapansipansi. "Sindinauzebe ana."

Nelsy sanamupepese, poti ankadziwa kuti mkuluyo sangakondwe nazo. Anangotenga tepi kwa Wilmer n'kupempha kuti aone kuchipinda.

Onse atatu analowa. Munali fungo la chinyezi. Denga linali ndi banga lakuda pamwamba penipeni pa bedi, ndipo windo linkayang'ana khoma la kuseri, lotuwa, lodzaza ndere. Nelsy anayeza mwachangu, n'kuwerengera pafoni yake.

"Ndalama zanuzo zikwana chipinda chino, denga lake, njira yopita kubafa, ndi khoma lakunjalo. Ndipala mpaka pa simenti, nditseka chinyezi, ndipaka penti wosanunkha woti azigona momwemo osatsokomola. Ndimaliza asanatuluke. Kumaso kwa nyumba tidzapenta mukapezanso mphamvu."

"Ndiye anthu aziti chiyani? Mzere wonsewu apenta, kupatula kwa Aurelio."

"Azinena. Koma iwowo sagona muno."

Mkuluyo anavula chipewa. Anakhala pabedi, mbali imene mkazi wake ankagona, kenako anagona chagada pang'onopang'ono, nsapato zili panja pa bedi. Anayang'ana banga la kudenga nthawi yaitali. Anatembenuzira mutu kuwindo, n'kuona khoma lotuwa lija. Wilmer anatuluka mwakachetechete.

"Nyumbayi ndakhalamo zaka zonsezi," anatero Don Aurelio, "koma sindinkadziwa kuti ukagona apa umangoona zimenezi."

"Tizipaka chikasu?"

"Ayi. Chikasu ndinasankha ndine, iye anangovomera. Amakonda wobiriwira, wowalirako."

Anadzuka movutikira, n'kuyamba kuchotsa zithunzi zimene zinali pakhoma.

"Uwauze anthu ako abwere mawa. Ndipo bedili tilisunthe, windolo likhale kumaso kwake."